Kodi Dziko Lakonzekera Ukalamba? Mafunso ndi Mayankho

Mu Disembala 2020, mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuti zaka khumi za kuyambira 2021 mpaka 2030 zikhale zothandiza anthu kukalamba ali ndi thanzi. Zaka zakezo zikupita kumapeto, koma ndi ochepa amene anamvapo za mgwirizanowu, ngakhale pakati pa amene akusunga agogo pakhomo. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwera nkhani imeneyi ikayambika, ena mwa iwo kuchokera kwa anthu amene amaikayikira.

Ukalamba ndi nkhani ya m'banja. Walowa bwanji m'misonkhano ya chitukuko?

Walowa chifukwa okalamba achuluka kuposa kale lonse. Mu 1950, mwana wobadwa padziko lapansi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 46, pamene lero ndi zaka zoposa 70. Katemera, madzi aukhondo, mankhwala ndi kuchilira kuchipatala zapulumutsa anthu amene kale akanamwalira ali aang'ono, uku mabanja akubereka ana ochepa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali 1 biliyoni, ndipo anaposa ana osakwana zaka zisanu. Pofika 2030, munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse adzakhala wa msinkhu umenewu. Pofika 2050 adzakhala 2.1 biliyoni, ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Chodetsa nkhawa ndi liwiro lake. Dziko la France linatenga zaka pafupifupi 150 kuti okalamba achoke pa 10 kufika pa 20 mwa anthu 100 alionse. Linali ndi nthawi yolemera kaye, kumanga zipatala ndi kukhazikitsa penshoni. Brazil, China ndi India akuyenda mtunda womwewo m'zaka zongopitirira 20 pang'ono.

Kuno timadzitonthoza kuti kwathu n'kwa achinyamata, ndipo n'zoona, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti ku Malawi anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Koma amene adzakwanitse zaka 60 mu 2050 anabadwa kale, mu 1990. Ndi amene lero akupalasa kabaza, kugulitsa tomato pamsika ndi kuyenda m'maganyu, ndipo ambiri mwa iwo alibe pamene akusungira za ukalamba wawo. Penshoni si chitsime choti n'kukumba ludzu litafika kale.

Kukalamba ndi thanzi ndiye kuti kufika zaka 80 osadwala?

Ayi. Ambiri akamapitirira zaka 70 amakhala ndi nthenda imodzi kapena ziwiri zimene sizidzachokanso. Lipoti la WHO la mu 2015 linasintha funso. M'malo mongofunsa kuti munthuyu akudwala chiyani, linati tizifunsa ngati akutha kuchita zimene mwini wake amaziona kuti n'zofunika. Linatchula zinthu zisanu: kupeza zofunika pamoyo monga chakudya ndi pogona, kuphunzira ndi kudzisankhira zochita, kuyenda, kukhala pa ubale ndi anthu, ndiponso kuthandiza nawo pakhomo ndi m'dera.

Kuti izi zitheke pamafunika mphamvu zimene zatsala m'thupi ndi m'maganizo, komanso malo abwino okhala. Tiyerekeze agogo awiri, onse odwala nyamakazi ya m'mawondo. Oyambawo mjigo uli pafupi, ali ndi ndodo yolimba, mankhwala opha ululu amawapeza, ndipo m'chimbudzi anawaikira pokhala ndi pogwira. Amenewa amapita kutchalitchi, amafika pamaliro, amakaona kudimba. Achiwiriwo madzi ali kutsidya kwa dambo, kuchipatala n'kofuna ndalama ya kabaza, chimbudzi n'chonjuta. Amenewa amangoswera pakhonde. Nthenda ndi imodzi, koma chawasiyanitsa ndi mjigo, msewu ndi ndalama. Apa m'pamene nkhaniyi imachoka m'manja mwa dokotala yekha n'kufika kwa okonza ndondomeko za dziko.

Ziwerengero za WHO za mu 2019 zinaonetsa kuti munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 73, koma zathanzi pa zimenezi ndi pafupifupi 63. Zaka khumi zotsalazo n'zimene mayiko akufuna kuzifupikitsa, kapena kuzipeputsa.

Nanga mayiko anagwirizana zotani mpaka pano?

Msonkhano woyamba wa dziko lonse wokamba za ukalamba unachitikira ku Vienna mu 1982. Nthawi imeneyo nkhaniyi inkaoneka ngati ya mayiko olemera, ndipo wokalamba ankatengedwa ngati munthu wongofunika chithandizo. Mu 1990 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 1 Okutobala kukhala la okalamba, ndipo chaka chotsatira linakhazikitsa mfundo zonena kuti wokalamba ayenera kudziimira payekha, kutenga nawo mbali, kusamalidwa, kukwaniritsa zofuna zake ndi kulemekezedwa. Msonkhano wa atsogoleri wa ku Copenhagen mu 1995 unanenetsa kuti chitukuko ndi cha anthu onse, osati chuma chokha, ndipo wachiwiri wa mtundu umenewu unachitikira ku Doha mu Novembala 2025.

Pamene panakhota zinthu ndi ku Madrid mu 2002. Ndondomeko ya kumeneko inati okalamba akhale m'kati mwa mapulani a chitukuko, thanzi lisamalidwe kuyambira ubwana mpaka ukalamba, ndipo malo okhala akhale othandiza munthu amene mphamvu zikuchepa. Mayiko amaunikanso ndondomekoyi zaka zisanu zilizonse. Mgwirizano wa 2021 mpaka 2030 uja unamanga pamenepo, n'kusankha ntchito zinayi: kuthetsa kusala anthu chifukwa cha msinkhu, kukonza midzi ndi mizinda kuti ikomere okalamba, kusintha zipatala kuti zizisamalira munthu yense osati nthenda imodziimodzi, ndi kupereka chisamaliro cha nthawi yaitali kwa amene sangathenso kudzisamalira.

Mapangano ndi ambiri chonchi, vuto lili pati?

Palibe ngakhale limodzi mwa mapangano a dziko lonse amenewa limene limamanga boma. Dziko likapanda kuchita zimene linalonjeza ku Madrid, palibe bwalo kapena komiti imene ingaliitane kuti lidzayankhe. Amayi ali ndi pangano lawo lomanga maboma la mu 1979, ana ali ndi la mu 1989, anthu olumala ali ndi la mu 2006. Okalamba alibe. Ngakhale chikalata cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948, potchula zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwira monga mtundu, chipembedzo ndi chilankhulo, msinkhu sichinautchule.

Gulu lokambirana za kusowa kumeneku linakhazikitsidwa ku New York mu 2010, ndipo linakumana kwa zaka zoposa khumi, mayiko ena akuumirira kuti malamulo amene alipo kale ndi okwanira. Mu Epulo 2025, khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wachibadwidwe ku Geneva inavomereza kuti ntchito yolemba pangano lomanga maboma iyambe. Kulemba, kuvomereza ndi kusainira pangano lotere kumatenga zaka, ndipo agogo ambiri amene alipo lero sadzaliona.

Pa mbali imeneyi madera ena anatsogola. Mayiko a ku America anapanga pangano lawo mu 2015. Bungwe la African Union linavomereza lake ku Addis Ababa mu Januwale 2016, koma linadikira mpaka 2024 kuti mayiko 15 ofunikira alivomereze n'kuyamba kugwira ntchito. Malawi ali m'gulu la mayiko amene analivomereza, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba, limene mabungwe monga MANEPO analimenyera nthawi yaitali. Chimenechi n'choyamikika. Koma mphamvu ya lamulo lotere ioneka pa ndalama zimene aziika mu bajeti, ndi pa milandu imene ifike kukhoti n'kugamulidwa.

Zolinga za chitukuko za 2030 zimati pasapezeke wotsalira m'mbuyo. Okalamba sali m'menemo?

Pamawu alimo, koma pa kawerengedwe amasowa. Mwa zolinga 17 zimene mayiko anavomereza mu 2015, chachitatu ndi cha zaumoyo, ndipo chimodzi mwa zimene chimafuna n'kuchepetsa imfa za msanga zobwera ndi matenda osapatsirana monga a mtima, shuga ndi khansa. Muyezo wake umawerenga imfa za anthu a zaka zapakati pa 30 ndi 70. Ndiye kuti boma likapulumutsa anthu a zaka 75 ku sitiroko, pa muyezo umenewu silinachite kanthu. Unduna umene uli ndi ndalama zochepa umathamangira kumene kuli chigoli chowerengedwa.

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa m'makomo, amene mayiko ambiri a mu Africa amadalira, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49, ndipo abambo amalekezera pa zaka 54 kapena 59. Anakonzedwa choncho chifukwa cholinga chake chinali uchembere ndi ana, koma zotsatira zake n'zakuti za nkhanza, njala kapena matenda a mayi wa zaka 65 sizimveka. Ziwerengero za HIV nazonso kwa zaka zambiri zinkalekezera pa 49. Chonsecho ku Malawi ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo amene anayamba kumwa nthawi imeneyo ali ndi zaka 40 lero apitirira 60. Ali moyo chifukwa cha ndondomeko yabwino, ndipo tsopano akufunika chipatala chodziwa kusamalira HIV, BP ndi shuga mwa munthu mmodzi.

Mwa zonse zimene zikukambidwa, chimene chingasinthe moyo wa wokalamba msanga n'chiti?

Ndalama ya m'manja yobwera mwezi ndi mwezi. Pa ichi sindikayika.

Penshoni imene tinazolowera inayambira ku Germany mu 1889, m'nthawi ya Otto von Bismarck: wantchito ndi bwana wake amadula kangachepe pamalipiro, munthu n'kudzalandira atapuma. Njira imeneyi imayenda kumene anthu ambiri ali pa ntchito yolembedwa. Ku Malawi lamulo la penshoni la mu 2011 linakakamiza olemba anthu ntchito kuti azisungira antchito awo, koma mlimi, msodzi, wogulitsa makala ndi mayi amene wakhala zaka 50 akulera ana ndi odwala alibe bwana wowadulira. Bungwe loona za ntchito la ILO linapeza kuti padziko lonse okalamba oposa atatu mwa anayi alionse amalandira penshoni ya mtundu wina, pamene kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu.

N'chifukwa chake mayiko ena anatsata njira yachiwiri, yoti boma lizipereka kuchokera ku msonkho kwa aliyense amene wafika msinkhu wakutiwakuti, kaya anagwirapo ntchito yolembedwa kaya ayi. Nepal inayamba mu 1995, Botswana mu 1996, Lesotho mu 2004 kwa a zaka 70, Bolivia ili ndi yake ya a zaka 60 kuyambira 2008, Zanzibar inayamba mu 2016 ndipo Kenya mu 2018. Ku Zambia anayeserapo m'boma la Katete kuyambira 2007. Mu 2012 mayiko a m'bungwe la ILO anagwirizana kuti ndalama ya ukalamba ikhale m'gulu la zinthu zochepetsetsa zimene dziko lililonse liyenera kutsimikizira nzika zake.

Wina anganene kuti ife tili ndi Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, yathandiza makomo ambiri, ndipo ambiri mwa makomowo mitu yake ndi okalamba. Koma si penshoni. Inakonzedwa kuti ifikire makomo pafupifupi 10 mwa 100, osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito, ndipo ndalamayo ndi ya khomo lonse. M'mudzi mmene pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha khomo limodzi n'kusiya loyandikana nalo kumabala madandaulo ndi kunong'onezana kuti wakuti analembedwa chifukwa ndi mbale wa amfumu. Penshoni ya aliyense ilibe zimenezo. Umboni wake ndi chitupa cha unzika basi, ndipo wolandirayo salandira ngati wopempha koma ngati nzika.

Dziko losauka lingakwanitse? Ndalamazo sizingakhale bwino kupita kwa ana ndi achinyamata?

Nepal ndi Lesotho sanali mayiko olemera pamene ankayamba. Lesotho inalipira ndi msonkho wake, osadalira abwenzi akunja. Chimene anachita n'kuyambira pa msinkhu wapamwamba ndi ndalama yochepa, n'kumakweza pang'onopang'ono. Ndipotu kuchepa kwa okalamba m'mayiko athu n'chifukwa choyambira lero, mtengo wake usanakwere.

Kulekanitsa agogo ndi ana n'kusadziwa mmene makomo athu alili. Edzi itavuta m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, ana amasiye ambiri anathera m'manja mwa agogo awo aakazi, ndipo lero makolo akapita kukasaka ndalama kutauni ana amatsala komweko. Katswiri wa zachuma Esther Duflo anafufuza penshoni ya ku South Africa n'kupeza kuti atsikana aang'ono okhala ndi agogo aakazi olandira penshoni ankakula bwino, pa msinkhu ndi pa sikelo pomwe. Ndalama ya agogo imathera kuchigayo, pa sopo, pa makope ndi pa feteleza, m'magolosale a m'dera lomwelo.

Mavuto alipo, ndipo si obisa. Ndalama ikapanda kukwezedwa mitengo ikukwera, pakapita zaka zochepa imasanduka ya mchere wokha. Ikachedwa miyezi ingapo, wokalamba amalowa m'ngongole za katapira. Ikamabwera pa foni, agogo osaona bwino amapereka nambala yachinsinsi kwa mdzukulu, ndipo si adzukulu onse amene amabweza yonse. Zonsezi ndi zokonzeka, ndipo palibe chimene chili chifukwa chokanira penshoniyo.

Koma pachikhalidwe chathu, kusamalira makolo si udindo wa ana?

Ndi udindo wawo, ndipo okalamba ambiri padziko lonse amafuna kukalambira pakhomo pawo, pakati pa anthu awo. Mayiko ena anafika poika zimenezi m'malamulo. Singapore ili ndi lamulo la mu 1995 lolola kholo kusumira ana kuti azilithandiza, India ili ndi lofanana nalo la mu 2007, ndipo China mu 2013 inalamula kuti ana aziyendera makolo awo. Kungoti malamulo otere akafika pofunika, ndiye kuti banja lalemedwa kale.

Tikamati banja lisamalira, tizifunsa kuti m'banjamo ndani. Kawirikawiri ndi mwana wamkazi, mpongozi wamkazi, kapena mdzukulu wamkazi amene wasiya sukulu. ILO inapeza mu 2018 kuti amayi amagwira magawo atatu mwa anayi a ntchito yonse yosamalira anthu yosalipidwa. Mayi amene wasiya geni yake kuti azitembenuza, kusambitsa ndi kudyetsa apongozi ake ogona kwa zaka zisanu, amadzafika ukalamba wake ali wopanda kalikonse. Ana ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, amatumiza ndalama akapeza, koma ndalama simunyamula munthu kupita naye kubafa. Palinso ichi: nyumba zosungira okalamba ku Britain zadalira kwambiri antchito ochokera ku Zimbabwe, Nigeria ndi India, ena mwa iwo atasiya makolo awo kwawo opanda wowasamalira. Mayiko olemera akugula manja amene mayiko osauka akuwafunanso.

Germany inakhazikitsa inshuwalansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali mu 1995, ndipo Japan mu 2000, kumene aliyense amayamba kusonkha akafika zaka 40. Ife sitingakopere zimenezo mmene zilili, ndipo sitikufunika kuyambira pa kumanga nyumba zosungira okalamba. Mliri wa COVID-19 unaonetsa mmene imfa zinachulukira m'nyumba zotere ku Europe ndi ku America. Chimene tingathe n'kuchirikiza wosamalira amene ali pakhomo kale. Aphunzitsidwe kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, apatsidwe magolovesi, matewera ndi njinga ya olumala, azichezeredwa ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo apeze womulandira tsiku limodzi pamlungu kuti apume. Magulu osamalira odwala kumudzi amene anagwira ntchito yaikulu nthawi ya Edzi anasonyeza kuti zimenezi timazitha. Boma likangoti “banja lilipo” n'kusiyira pomwepo, ndiye kuti lasenzetsa mtolo wonse kwa mayi mmodzi.

Kuchipatala kukufunika kusintha chiyani?

Zipatala zathu zinamangidwa kuti zilimbane ndi malungo, uchembere, katemera ndi matenda opatsirana, ndipo pa zimenezo zachita zazikulu. Wokalamba amabwera ndi zinthu zinayi nthawi imodzi: BP, maso achita khungu, miyendo ikuwawa, tulo sakupeza. Amaima pamzere wa chimodzi, zinazo n'kubwerera nazo. Nthawi zina amangouzidwa kuti “ndi ukalamba umenewo, agogo,” n'kupatsidwa panado. Mawu amenewa aphimba matenda ambiri ochizika. Lipoti la United Nations la mu 2021 linapeza kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse padziko ali ndi maganizo osala okalamba, ndipo maganizowo salekera pa geti ya chipatala.

WHO inatulutsa njira yotchedwa ICOPE, yopimira wokalamba zinthu zisanu ndi chimodzi popanda makina odula. Amamuuza mawu atatu n'kumufunsa pakapita kanthawi ngati akuwakumbukira. Amamupempha kuti adzuke pampando kasanu m'masekondi 14 osagwira paliponse. Amafunsa ngati watsika makilogalamu atatu m'miyezi itatu kapena ngati chilakolako cha chakudya chatha. Amapima maso, amanong'ona kumbuyo kwake kuti aone ngati akumva, ndipo amafunsa ngati wakhala wokhumudwa m'masabata awiri apitawa. Mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa angathe kuchita zimenezi pansi pa mtengo, monga amachitira sikelo ya ana.

Phindu lake ndi lalikulu kuposa mtengo wake. Ng'ala ili m'gulu la zifukwa zikuluzikulu za khungu padziko lonse, chonsecho opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imachitika m'zipatala za maso monga cha ku Nkhoma. Agogo amene aonanso amabwerera kudimba, ndipo mwana amene ankawatsogolera amabwerera kusukulu. Kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 chaka chilichonse, ochuluka mwa iwo a zaka zopitirira 60, ndipo kumachepa ndi magalasi a maso, ndodo, kuwala kokwanira ndi kulimbitsa miyendo. BP yopimidwa msanga imatsika ndi mapiritsi otsika mtengo, pamene yosapimidwa imatha ndi sitiroko imene imagoneka munthu zaka.

Nkhani yonamizira okalamba ufiti ikugwirizana bwanji ndi zonsezi?

Ili pakati penipeni. WHO ikuti wokalamba mmodzi mwa 6 alionse amachitiridwa nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi, kaya kumenyedwa, kutukwanidwa, kulandidwa katundu kapena kutayidwa osasamalidwa, ndipo kawirikawiri wochita nkhanzayo ndi wachibale. Kwathu kuno nkhanza yoopsa kwambiri imavala dzina la ufiti. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Si Malawi yekha. Ku Tanzania amayi achikulire ambiri aphedwa pa chifukwa chomwechi, ndipo kumpoto kwa Ghana kuli malo monga Gambaga kumene amayi othamangitsidwa m'midzi yawo amakabisala. Mu 2021 khonsolo ya ku Geneva ija inadzudzula mchitidwewu ndi kupempha maboma kuti authetse.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi matenda a muubongo oiwalitsa, amene agwira anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse, ambiri m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Wodwala amaiwala mayina a ana ake, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale, amadzuka usiku n'kuyamba ulendo wopita kumudzi kumene anakulira, nthawi zina atavula. Kukacha amapezeka pakhomo pa eni, sakudziwa kumene ali. Anthu amati wagwa m'ndege ya ufiti. Akamupanikiza ndi mafunso amavomera chilichonse, chifukwa sakumvetsa chimene akufunsidwa, ndipo kuvomerako kumatengedwa ngati umboni. Munthu ameneyu ndi wodwala, wofunika kumufunditsa chitenje n'kumuperekeza kwawo.

Mbali inanso ndi munda. Tizifunsa kuti akachoka agogo onamiziridwawo, malo awo atenga ndani. Lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo kupha ndi kupha basi, kaya ochita ndi gulu. Amfumu, abusa, mashehe ndi apolisi akalankhula msanga mphekesera zikangoyamba, moyo umapulumuka. Apanso penshoni ili ndi gawo, chifukwa wokalamba amene amabweretsa ndalama pakhomo satengedwa ngati katundu wolemetsa.

Kodi okalamba ndi ongolandira basi?

Kutalitali. Amalima, amalera, amaweruza milandu, amasunga mbiri ya malire a minda. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ataona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, kuwathandiza kuona vuto limodzilimodzi ndi njira yake. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa mwa sayansi, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti odwala anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Lero mayiko ena akuitengera.

Choipa n'chakuti pa nthawi ya ngozi anthu omwewa ndi amene amaiwalika. Kutentha kwa mu Ogasiti 2003 kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France, ambiri okalamba okhala okha. Pa tsunami wa ku Japan mu 2011, oposa theka la omwalira anali a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti madzi ndi matope zikabwera usiku, wosatha kuthamanga ndiye amatsala. Komiti iliyonse yoona za ngozi m'mudzi iyenera kudziwa makomo amene muli okalamba, ndi amene akawanyamule, ndipo m'komitimo mukhale wokalamba wolankhulapo.

Pamene tikudikira maboma, munthu wamba achite chiyani?

Ukalamba wabwino umayamba kukonzedwa munthu akadali ndi mphamvu. Pimitsani BP ndi shuga ngakhale simukumva kuwawa. Chepetsani mchere, pakuti WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku. Siyani fodya, chepetsani mowa, ndipo thupi lizigwira ntchito kapena kuyenda mphindi zosachepera 150 pamlungu. Ngati mungathe kusunga kangachepe, sungani.

Ngati muli ndi agogo pakhomo, musawalande ntchito zonse poganiza kuti mukuwalemekeza, chifukwa miyendo yongokhala imafooka msanga. Afunseni maganizo awo pa za munda wawo, ndalama zawo ndi mankhwala awo. Akayamba kuiwalaiwala, pitani nawo kuchipatala, ndipo auzeni anansi ndi amfumu kuti akudwala anthu asanayambe kunena zina. Onetsetsani kuti ali ndi chitupa cha unzika chosatha ntchito. Muyendereninso amene akuwasamalira, mum'landire ngakhale tsiku limodzi.

Ndipo aphungu ndi makhansala akabwera kudera kwanu, afunseni kuti mu bajeti ya chaka chino muli ndalama zingati zoyendetsera lamulo la okalamba la 2024, komanso kuti penshoni ya Mmalawi aliyense wa zaka 70 iyamba liti.